Mabatire a Wailesi ya Bambo

Lero ndapeza batire lotupa m'kabati. Fungo lake landibwezera ku Lisasadzi, zaka zija za makuponi a feteleza.

Bambo ankayanika mabatire a wailesi padzuwa, pathumba la feteleza, ati abwerere mphamvu. Masana, akusankha fodya m'chigafa, ankamvera za nkhondo ya ku Afghanistan.

Tsiku lina ndinabwera chothamanga kuchokera kusukulu, lipoti lili m'manja.

"Ababa, ndakhala nambala wani!"

"Takhala chete, iwe. Zigawenga zawotcha sukulu ya atsikana anzako ku Afghanistan. Ana osalakwa, Ambuye!"

M'maso mwawo munalengeza misozi. Ine anali asanandilirepo, ngakhale tsiku limene ndinadzitema ndi khasu. Atsikana amenewo sanawatungireko madzi bambo, sanawasokereko fodya, koma ndi amene ankatchulidwa m'pemphero la pakhomo pathu. Ndinadana nawo osawadziwa.

Mawa lake ndinatola mabatire aja n'kukawakwirira pachulu. Pathumba paja ndinaikapo lipoti langa, n'kulitsindira ndi kamwala. Kenako ndinaima pambali.

Nthawi ya nkhani itayandikira, bambo anatuluka m'chigafa, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Ananyamula pepala lija, n'kusuzumira pansi pake.

"Iwe, mabatire anga wawaona?"