Anatsuka Mawu a Atate

Ndili wamng'ono, atate anali ndi nyumba yoonetsera vidiyo pa Sinda, kuseri kwa msika. Mafilimu onse anali a Chizungu, ndiye iwo ankakhala pambali ndi maikolofoni n'kumamasulira. Chizungu chawo chinali choperewera, koma pakamwa panali pakuthwa. Munthu wa m'filimu akalankhula nthawi yaitali, atate ankangoti, "Akuti njala yamupweteka," anthu n'kufa nazo kuseka.

Panali filimu ina yakale kwambiri imene okonda nkhonya sankaifuna, ya azungu ongoimba ndi kuvina. Atate ankaikonda, mwakuti anabwera nayo kunyumba n'kujambula mawu awo pamwamba pa tepiyo. Pali pena pamene mwamuna amagwada pa siteshoni ya sitima kuimbira mkazi. Pamenepo atate ankamveka akuti, "Amake ana, mukuona? Anzanu amangoimbiridwa nyimbo, inu ndinakugulirani njinga." Kenako amayi ankamveka chapatali akuti, "Chokani apa inu," atate n'kuseka mpaka kutsokomola.

Atate anamwalira mafoni ojambula asanafike kwathu. Mawu awo anatsala m'tepi imodziyo basi, m'sutikesi ya amayi.

Chaka chatha amayi anadwala. Maso anali atachita kale ng'ala, tsopano miyendo inatupa, ndipo kuchipatala anatiuza kuti tizikawasamalira kunyumba. Tonse tinamva tanthauzo lake. Tsiku lina ndikuwasambitsa anati, "Mwanawe, ndikufuna ndiwamveko atate ako." Sanapemphe nyama, sanapemphe abusa, anapempha chimenecho chokha. Deki yathu yoonetsera matepi inali itafa kalekale, ndipo tepiyo nditaitulutsa ndinapeza itachita nkhungu yoyera mkati.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Katete. Anandilozera kwa bambo wina amene amaikira anthu nyimbo ndi mafilimu pa fulashi, ndipo anali nayo deki yakale pansi pa tebulo. Ndinamuuza kuti, "Abambo, munditsukire tepi iyi, muiike pa fulashi." Ndinati kutsuka chifukwa ndimo timanenera, zithunzi timatsukitsa, ndiye ndinaona ngati tepi yankhungu nayonso ndi yotsuka. Za mawu a atate sindinatchule. M'kasitolomo munali anthu, ndipo ndinkaopa kuti ndikangoyamba kufotokoza ndilira pagulu. Manyazi amenewo ndimawatemberera mpaka lero.

Anaiika mu deki, chithunzi chinabwera chikunjenjemera, mizere ikuyenda. "Iyi naiziba, ni yakudala maningi," anatero. "Bwelani pa Chisanu mami, muzaipeza kiliya, yooneka bwino."

Masiku atatu amenewo amayi ankandifunsa m'mawa uliwonse, ine n'kumati akutsuka.

Lachisanu bamboyo anandilandira akumwetulira ngati wapha njovu. Anaika fulashi, ndipo ndisaname, ndinatsegula pakamwa. Diresi la mkazi uja, limene moyo wanga wonse ndinkaliona lakhofi, linali lofiira. Mabatani a jekete la mwamunayo ankawerengeka. Mizere ija kunalibe, kunjenjemera kunalibe. Woimba akakoka mpweya ndinkamva, nsapato zikagunda pansi ndinkamva. Koma filimu inayenda ndithu atate osalankhula. Ndinati apititse pa siteshoni paja. Mwamuna anagwada, anaimba nyimbo yonse, anadzuka.

"Mawu ali kuti?" ndinafunsa.

"Saundi ni iyi mami, orijino. Azungu anaikonza manje-manje, nachita chabe daunilodi. Ija yanu inali na chimudala chinangu chikamba-kamba pamwamba, chongo chabe."

"Chimudala chimenecho ndi atate anga!"

Ndinakuwa mwakuti wogulitsa nthochi panja anasuzumira. Kulira kumene ndinkakuopa kuja kunabwera konse, pamaso pa anthu ambiri kuposa a tsiku lija. Ndinamugwira malaya n'kumufunsa kumene kunali tepi yanga. Nkhope yake inagwa. Anati matepi akufa amapatsa mayi wina wa dimba kumtsinje, amene amasolola riboni ya mkatimo n'kuimanga pamwamba pa mbewu kuopsezera mbalame. Yanga anali atamupatsa tsiku lomwe ndinaisiya.

Ndinathamanga, ine mayi wa ana atatu, patapata m'manja. Dimbalo ndinalizindikira ndili patali chifukwa linkanyezimira. Pamwamba pa nazale ya repu panali timitengo, ndipo riboni yakuda inali itadulidwadulidwa n'kumangidwa uku ndi uku, ikuphiriphitha ndi mphepo. Mwini dimba anaika pansi kheni yothirira n'kumvetsera, kenako anagwira pakamwa. "Pepani amayi, ine sindinadziwe. Komatu muno muli matepi anayi, yanuyo ndi iti?"

Ndikanadziwa bwanji? Yonse inali yakuda mofanana. Ndinaiyang'anitsa padzuwa ngati ndiona nkhope ya atate mmenemo. Tinamasula yonse, mfundo imodziimodzi, iye mbali iyi ine mbali iyo, osasamala kuti mbalame zidya repu wake. Ndinaikulunga m'chitenje n'kubwerera nayo kwa bambo uja. Ndinamugwadira, munthu yemwe ndinali nditangomugwira malaya. Ndinati alumikize ndi selotepi, ngakhale kachidutswa, ngakhale chifuwa chokha cha atate chimveke. Anakoka kachidutswa kamodzi pakati pa zala, ndipo zakuda zonse zinatsalira m'zala zake. Dzuwa la masiku atatu ndi madzi othirira zinali zitamaliza ntchito. Anati pepani kangapo. Ndinkafuna kumuda, koma ndine ndinati atsuke, ndipo iye anatsukadi.

Mu minibasi ndinakonza mawu owauza amayi. Ndinawakonza bwino, kuyambira pa Katete mpaka pa Sinda. Nditangolowa m'nyumba anatembenuzira mutu kukhomo n'kufunsa kuti, "Wabwera nawo?"

"Ndabwera nawo, amayi."

Sindidziwa chimene ndinkayembekeza. Mwina ndinkati agona isanafike pakati. Mlongo wanga anabweretsa TV yake ndi batire la sola, tinaikamo fulashi ija, tinawakhazika amayi potsamira mapilo, dzuwa lisanalowe. Zofiira zija ndi mabatani aja sizinali kanthu kwa iwo. Anapendeketsa mutu, khutu kuloza ku TV, ndipo nyimbo yoyamba itayamba anagwedeza chala pa bulangeti. Ankaidziwa filimu yonse ndi makutu. Atate atachedwa kuyamba, sanadandaule, anangoti, "Poyamba pano sankalankhula kwambiri."

Mluzu wa sitima utalira, amayi anadzutsa dzanja kuti tikhale chete, atayamba kale kumwetulira. Mwamuna anayamba kuimba, mawu ake oyera bwino, opanda kanthu kena pamwamba. Ine ndinayang'ana pansi. Nyimbo inafika pakati, dzanja la amayi likadali m'mwamba.

"Kweza pang'ono," anatero. "Mwina ali kumbuyo."

Ndinakweza mpaka pothera, TV inachita kunjenjemera pa tebulo. Amayi anamvetsera nyimbo yonse mpaka inatha.

"Bweza, mwanawe," anatero. "Makutu angawa ndiwo atha."