Chaka Chimene Anamubera Levison Kamphinda

Levison Kamphinda anali wa ku Nsaru, mwana woyamba wa mlimi wa fodya. Atakhoza Sitandade 6, mu 1951 analowa sukulu ya uphunzitsi ya mishoni ina kumapiri, ulendo wa masiku awiri pa njinga. Maphunzirowo anali a zaka ziwiri. Chaka choyamba anachimaliza bwino, pa masamu anali wachiwiri m'kalasi.

Ali pa tchuthi, bambo ake anagwa padenga la chigafa cha fodya n'kuthyoka msana. Panyumba panatsala mayi ndi alongo ang'onoang'ono, ndipo Levison anaona kuti sangakhalenso kutali. Anapita ku sukulu ina ya uphunzitsi kufupi ndi Namitete, ya mpingo wina. Mkulu wa sukuluyo anavomera kumuika m'chaka chachiwiri, bola abweretse kalata yosonyeza malikisi ake.

Kusukulu yake yakale, mabuku a malikisi ankasunga ndi kalaliki, a Adamson Mtambalika, amene analinso mkulu wa mpingo.

"Kodi ukuti ukupita kuti?" anafunsa a Adamson, Levison atapitako kukapempha kalatayo.

Levison anawafotokozera za bambo ake.

"Takuphunzitsa ife, ukathandize ena, eti? Chabwino. Ubwere mawa."

M'mawa mwake anamupatsa envelopu yomata, ya chidindo. Levison anaikulunga m'nsalu kuopa mvula, n'kupalasa masiku awiri. Ku Namitete mkulu uja anaitsekula, nawerenga mokweza. Munalembedwa kuti Levison sanamalize chaka, anathawa mayeso, ndipo ndi wosamvera.

"Mwina ukunena zoona," anatero mkuluyo, "koma ine ndili ndi pepala ili basi. Ukafuna, uyambirenso chaka choyamba."

Anayambiranso. Ankakhala pa benchi kumva zinthu zimene ankazidziwa kale, Loweruka n'kuthamangira ku Nsaru kukalima. Bambo ake anamwalira iye asanalandire satifiketi. Chikanakhala kuti kalata ija inanena zoona, akanamuona ali mphunzitsi. Pamaliro Levison sanalire. Anauza mayi ake kuti sadzapuma mpaka a Adamson atachoka pa mpando uja anthu akuona.

Mu 1954 anayamba kuphunzitsa pa sukulu ya m'mudzi ku Kabudula. Tchuthi chilichonse ankakwera njinga kufunafuna ena amene anachokapo pa sukulu ya kumapiri ija. Ku Mpingu anapeza mmodzi akusoka zovala pakhonde la sitolo. Ku Nambuma anapeza mayi wina, Alice, amene analemberedwa kuti anachotsedwa chifukwa cha khalidwe loipa. Palibe sukulu inamulandira, ndipo mnyamata amene ankafuna kumukwatira anamusiya atamva mbiriyo. Alice anali atasunga kalata yake m'chitini.

"Tengani," anatero. "Koma tsikulo mudzanditenge, ndikawaone nkhope."

Pa zaka zitatu Levison anasonkhanitsa makalata asanu. Chinatsala ndi buku la malikisi. Mnzake wa m'kalasi, Nicholas, anali atalembedwa uphunzitsi pa sukulu yomweyo ya kumapiri. Poyamba anakana, poopa ntchito yake. Levison anapitako kanayi, mpaka Nicholas anakopera malikisi a anthu asanuwo ndi manambala a masamba ake.

Mu 1957 akuluakulu oyang'anira sukulu za mishoniyo anavomera kumva nkhaniyi. Kutatsala sabata, a Adamson anafika okha ku Kabudula. Anapeza Levison akuuza ana kuti aweruke, navula chipewa.

"Mwana wanga, ndinkangofuna kuti musachoke mu mpingo. Ndakalamba, ndili ndi ana asanu ndi awiri. Tikambirane ngati Akhristu."

"Dzina langa ndi aphunzitsi Kamphinda," anayankha Levison. "Tikakambirana Lachinayi, pamaso pa anthu."

Sanawapatse mpando kapena madzi akumwa.

Lachinayi lija Levison anafika pa msonkhanowo atanyamula Alice pa keliyala ya njinga. Buku linatsekulidwa, tcheyamani n'kuwerenga malikisi a aliyense, kenaka kalata yake. Atafika pa Alice, zinaoneka kuti anakhoza phunziro lililonse. A Adamson anaweramitsa mutu.

Akuluakuluwo ankafuna kuti nkhani ithe mwakachetechete, kalalikiyo apume pa ntchito ngati wodwala. Levison anaimirira n'kukana. Anati akatero, makalata onse adzapita kwa woyendera sukulu wa boma ku Lilongwe. Anafuna kuti a Adamson alembe makalata oona asanu ndi dzanja lawo, pompo, ndipo chifukwa chowachotsera chilengezedwe m'tchalitchi. Zonse zinachitika. Kalata ya Alice a Adamson anaiyamba katatu. Levison anaima pambali pawo mpaka atamaliza.

Alice anabwerera ku sukulu chaka chotsatira, ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Wosoka wa ku Mpingu anati nthawi yake inapita kale. Nicholas anasamutsidwira ku sukulu yakutali, ndipo sanalemberanenso ndi Levison.

Kumayambiriro kwa 1959 mkazi wa a Adamson, a Hilda, anatumiza uthenga kuti amuna awo adwala kwambiri ndipo akufuna kuonana naye. Mayi ake a Levison anamupempha kuti apite, abusa nawonso anamupempha. Iye anati ali ndi ana a Sitandade 4 oti awakonzekeretse mayeso, ndipo sanapite.