Nambala ya pa Makina a Josiah Njobvu

A Josiah Njobvu ankasula makina oswela nshawa kuseli kwa msika wa ku Petauke, m'zaka zija za chipani chimodzi. Ntchitoyo anawaphunzitsa ndi a Bonaventure Sakala, amene anayambitsa makinawo ndi kuwadinda nambala 1 pachitsulo. Maso atayamba kuchita khungu, mkuluyo anapita kukakhala kwa mwana wake ku Nyimba.

Chaka ndi chaka a Josiah ankasintha tina ndi tina. Anatalikitsa chogwilila, analimbitsa miyendo, koma nambala sanaikhudze. Anzawo akamati adinde 2 kuti malonda ayende, iwo ankayankha kuti mwana akameta tsitsi sasintha dzina. Zoona zake, sankafuna kuti mphunzitsi wawo amve ngati amufufuta.

Kenaka anakuza mimba ya makinawo kuti nshawa zisamaphwanyike. Pasanapite nthawi, mai Consolata a ku Kalindawalo anabwela pa njinga kudzagula sefa ya makina awo akale. Anabwelanso m'mawa mwake, fumbi mpaka m'maondo, nati sefayo yakana kulowa. Anafunsa mofatsa kuti nanga si onse ndi nambala 1. A Josiah anawasulila sefa ya muyeso wakale, nawapelekeza mpaka pamsewu.

Loweluka anakweza makina atsopano pa lole ya ku Nyimba. Atafika, analankhula za mvula ndi za mtengo wa makala, mpaka a Bonaventure anatopa nawo.

"Iwe Josiah, chitsulo chonsechi wanyamulila kudzandiuza za mvula?"

A Josiah anafotokoza zonse, maso ali pansi. A Bonaventure anapapasa makinawo, naitanitsa sefa yawo yakale. Anayesa uku, anayesa uko, osalowa.

"Bambo, sindinafune kuti muganize kuti ndakutayani."

"Wanditaya liti? Amene ukanataya ndi mai uja. Chakale chikaleka kulowa, uza anthu. Ndiyo ntchito ya nambala. Koma amene ali ndi makina anga aja, usawasiye."

A Josiah analonjeza kuti masefa akale azisulabe mpaka makina akale omaliza atatha. Anatulutsa chidindo cha 2 m'thumba, nachiika m'dzanja la mkuluyo, ndi kumulondolela pamalo pake. Mkuluyo anagwila chidindo, iwo anamenya nyundo.