Mabulangete Obwereka a Mayi Rozina

Achinyamata a m'parishi yathu amadutsa pamanda a Mayi Rozina Nachisale osadziwa kuti pagona ndani. Makolo awo akudziwa, ndipo ena mwa iwo ali ndi chifukwa chokhalira chete. Mbiri yawo nayi, wakumva kuwawa apirire.

Mayi Rozina anabadwira ku Dedza, ku Nyasalande, nabatizidwa ali kamtsikana. Amayi awo anawasiyira chuma chiwiri chokha: kolona, ndi mwambo wa mlendo. Ankati, "Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Usiwa wako asauone." Atakwatiwa anatsatira amuna awo, a Yoswa, ulendo wapansi mpaka ku migodi ya ku Eiffel Flats, kufupi ndi Kadoma. Kumeneko anabereka ana atatu, ndipo onse atatu anawaika m'manda a komboni.

A Yoswa anaboola miyala zaka makumi awiri. Fumbi litawadya mapapo, mgodi unawapatsa tsiku limodzi loti asamuke m'nyumba. Banjali linakamanga kanyumba ku Muzvezve, pafupi ndi kachipatala ka mishoni ka mabedi asanu ndi atatu. Odwala ankaposa makumi atatu, ambiri ali ngundangunda pansi pa masaka. Mayi Rozina anadzipereka kuchapa nsalu za mabala, kuphika phala ndi kukhala pambali pa omwalira, kaya Mkhristu kaya Msilamu, popanda malipiro.

Mu 1955 kunabwera kalata yoti boma lili ndi thandizo la ndalama la chipatala chimodzi chakumudzi, kaya chathuchi kaya china cha kufupi ndi Chegutu, ndipo mzungu woyendera adzabwera kudzasankha. Chipatala chathu popanda ndalamazo chinali chotsekedwa basi. Sisitere woyang'anira anali atadwala napita ku Harare, kotero zonse zinali m'manja mwa Samueli, wobaya jakisoni.

"Amai, bwana akaona anthu ali mbwee pansi chonchi atitsekera," anatero Samueli. "Mari, ndalamayo, sangaiponye pauve. Tichotse manyaziwa."

Mayi Rozina anavomera ndi mtima wonse, pakuti ndi zomwe anakula nazo. Anayenda mpaka ku Rimuka kukabwereka mabulangete asanu ndi atatu kwa amayi a mpingo. Anazira pansi, napaka laimu m'makoma. Odwala onse ogona pansi anawakweza pangolo kukawabisa kukhwawa, kuseri kwa chulu. A Yoswa anali ndi bedi, koma ankatsokomola magazi, ndipo bulangete linali la eni ake.

"Bambo, n'tsiku limodzi lokha," anatero Mayi Rozina akuwakweza nawonso pangolo.

"Ndakhala pansi pa nthaka zaka makumi awiri, Nachisale. Tsiku limodzi n'chiyani?"

Woyendera uja anachedwa ndi masiku awiri. Unali mwezi wa Juni, ndipo kuzizira kwa kukhwawa la Muzvezve mukukudziwa. Atafika sanathe ngakhale ola. Anawerenga odwala asanu ndi atatu pa mabedi asanu ndi atatu, namwa tiyi, nayamika ukhondo. Mayi Rozina anagwada kuthokoza Mulungu galimoto isanazimiririke.

Palibe anawauza lamulo la kasankhidweko: ndalama zinkapita komwe odwala achuluka kwambiri kuposa mabedi. A ku Chegutu ankalidziwa, ndipo anayala odwala awo mpaka pakhonde. Za chathu woyendera analemba kuti sichikusowa kanthu. A Yoswa anamwalira ndi chibayo patapita masiku anayi, ndipo chaka chotsatira chipatala chinatsekedwa.

Apa ndiye pochititsa manyazi, abale anga. Samueli anauza anthu kuti nzeru yobisa odwala inali ya nkhalamba ija, Mayi Rozina, iye nakapeza ntchito kuchipatala chomwe chinapambanacho. Amayi omwe anabwereketsa mabulangete akusekerera ndi omwewo anayamba kuwatchula kuti Amai Mabulangete. Podutsa pachitsime ankawaponyera mwambi wa Chishona, "Mwana asingachemi anofira mumbereko," kunena kuti mwana wosalira amafera kumsana. M'tchalitchi benchi lawo linkakhala la iwo okha, ngati ali ndi khate. Mtsikana wina wapakati atafera pangolo popita ku Chegutu, amayi ake anakataya mbereko yosagwiritsidwa ntchito pakhomo pa Mayi Rozina, nakuwa kuti, "Ibiseninso iyi kuseri kwa chulu!" Iwo anaitola, naipinda, nakakhala pamaliropo mpaka kutha, ngakhale kuti panalibe anawapatsa moni.

Dzina la Samueli sanalitchulepo. Tinadziwa zoona zake iye mwini ataulula pamaso pa mpingo, atakalamba. Wansembe atafunsa Mayi Rozina chifukwa chake sadziteteza, anangoti, "Amuna anga ndinawakweza pangolo ndi manja angawa, Bambo. Enawo adzayankha okha." Ntchito yawo sanaisiye. Ngolo iliyonse yonyamula wodwala kupita ku Chegutu ankaiperekeza wapansi, chikho cha madzi m'manja, akunena kolona.

Mu 1959 anakwera ngoloyo iwo eni, miyendo itatupa. Chipatala cha ku Chegutu chinali chodzaza, choncho anawayalira saka pansi pafupi ndi khomo. Sabata yomweyo kunamveka kuti woyendera akubweranso, kudzaona ngati pakufunika mabedi ena. Samueli, chikumbumtima chikumudya, anabwera ndi bulangete latsopano.

"Amai, ndakupezerani bedi. Tiyeni ndikunyamuleni."

"Bwana wadutsa kale?"

"Afika masana."

"Ndiye ndisiye pompano, mwana wanga. Bulangetelo chotsa. Aone sakali, andiwerenge."

Analandira masakramenti omaliza ali pansi pomwepo. Masana woyendera analowa, nawalumpha miyendo osawayang'ana kumaso, nalemba nambala m'buku lake. Atangotuluka, mayi wogona pambali pawo anamva Mayi Rozina akufunsa motsitsa ngati awerengedwa. Atawauza kuti inde, anatseka maso, kolona ili m'manja, ndipo sanawatsegulenso.

Chaka chotsatira chipatalacho chinalandira mabedi khumi owonjezera, ndipo ambiri a ife tinabadwira pa mabedi amenewo. Pamaliro a Mayi Rozina anthu a ku Muzvezve analipo asanu ndi awiri. Ambuye awapatse mpumulo wosatha, ndipo atikhululukire ife.