Ndulu Yachiwiri ya Amalume a Shuhrat

Kwathu kuno ku Kokand, ukwati umene mpunga wake sanaphike amalume anga a Shuhrat suchedwa kuiwalika. Sindikukokomeza ayi. M'chimphika chawo mungalowe mwana wang'ombe, ndipo mpungawo amauphikira mafuta a mchira wa nkhosa, kaloti ndi nyama. Ine chisiyireni sukulu ndadya maukwati ambiri, ndiye ndikudziwa chimene ndikunena.

Mwambo wake ndi wakuti wophika amalawa yekha mbale yoyamba, mwini ukwati akuona. Apa ndi pamene panavuta. Chaka chatha amalume akangolawa, pansi pa nthiti zakumanja pankapota mpaka thukuta kamukamu. Anayamba kuzemba kulawako. Tsiku lina anangonunkhiza n'kugawa, mchere usanakwane. Madoda anadya mwakachetechete, koma mawa lake kumsika kunamveka zoti dzanja la a Shuhrat lakalamba. Banja lina linakaitana wophika wa ku Margilan.

"Bambo, imeneyi ndi ndulu," anatero akazi awo, a Gulchehra.

"Ndulu yake iti, amayi?" Amalume anakweza malaya kuonetsa chipsera. "Si anaichotsa kalekale? Kapena yaphukanso ngati anyezi?"

"Nthabwala zanuzo mukamuuze dokotala. Valani nsapato."

Anapita kuchipatala monyinyirika, ine ndikuwaperekeza. Dokotala, mayi wachitsikana wa magalasi, anawaunika pamimba, kenako anawagoneka m'chimakina chojambula m'kati mwa thupi. Chithunzicho anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, inu munabadwa ndi ndulu ziwiri. Zimachitika mwa apo ndi apo. Inayi inabisala m'chiwindi, ndipo yadzaza timiyala."

"Mwamva?" amalume anagunda akazi awo ndi chigongono. "Anzanga imodzi, ine ziwiri!"

"Zikanakhala nzeru bwenzi tapindula," anayankha a Gulchehra.

Dokotala anaichotsa, nduluyo, n'kuwalangiza kuti mafuta azidya mosamala.

Atachira, amene anayamba kuwaitana ndi a Bahodir, ogulitsa nsalu, pokwatitsa mwana wawo wamkazi. Mamawa mpunga utapsa, a Bahodir anaima pambali pa chimphika, manja ali kumbuyo. Anthu a m'dera lonse anali atakhala kale pa matebulo. Amalume anatapa ndi zala, anatafuna, anameza, n'kuima phee kudikira ululu. Sunabwere. Anatapanso. Anatapanso kachitatu, mafuta akuyenderera m'ndevu.

"Achimwene," anatero a Bahodir chapansipansi, "alendowa nawonso adyeko."