Denga Lofupika Mkono Umodzi

Anthu ankawatchula kuti a Levulo, chifukwa chida choyezera kuwongoka kwa khoma chija sichinkachoka m'khwapa mwawo. Akapita kocheza, asanapatsidwe n'komwe mpando anali atamuuza kale mwininyumba kuti zenera lake lapendekeka. Anamanga nyumba zaka makumi atatu ndipo panalibe imene inagwa. Izi ankazinena pafupipafupi, ngakhale kwa anthu amene sanawafunse.

Koma tisawalande zawo, anali bambo wabwino. Achimwene awo atamwalira, anatenga mwana wamkazi wa malemuwo n'kumulera ngati wawo. Mtsikanayo anakulira pakati pa mchenga ndi mawilibala, anaphunzira mpaka kukhala katswiri wojambula mapulani a nyumba. Atapeza ntchito yake yoyamba yaikulu, mmisiri amene anamusankha anali bambo ake aang'ono omwewo.

Ntchitoyo inali ya bungwe la anthu aluso, ojambula zithunzi, osema ndi oumba, amene ankafuna malo abata m'mbali mwa nyanja oti azikagwirirako ntchito. Mtsikanayo anawalonjeza nyumba yosatha nkhuni. Njerwa zake zinali zosawotcha, zadothi la pamalo pomwepo lotsindiridwa pa makina, ndipo mpweya unkayenera kulowera m'munsi n'kutulukira m'mipata ya pamwamba kuti m'kati muzizizira mokha. Vuto lake, njerwa yosawotcha imadana ndi mvula. N'chifukwa chake anajambula denga lotuluka kwambiri kunja kwa khoma, makamaka mbali ya kunyanja kumene mvula imabwera chopendekeka ndi mphepo. Anawafotokozera a Levulo kawiri konse, chala chili papepala. Iwo ankangogwedeza mutu, mumtima akuti kamwana aka pensulo yake yoyamba ndinakagulira ndine.

Makoma atafika pamwamba pa mazenera, mtsikanayo, amene anali woyembekezera, anauzidwa ndi adokotala kuti asiye kuyendayenda mpaka atachira. Anasiya zonse m'manja mwa bambo akewo, mtima uli m'malo.

Tsiku limene kalipentala anakhoma matabwa a denga, amisiri awiri odutsa pamsewu anaima n'kuyamba kuseka. Anafunsa ngati a Levulo paukalamba wawo ayamba kumanga makola a nkhuku. Mawuwo anawalowa, chifukwa nawonso dengalo linkawanyansa, linkaoneka ngati chipewa chovalidwa mpaka m'maso. Anadzipezera chifukwa chabwino, chakuti ojambula zithunzi amafuna kuwala, ndipo anauza kalipentala kuti adule mkono umodzi mbali yonse ya kunyanja. Kalipentalayo atafunsa ngati mwini pulani akudziwa, anamuyankha kuti mwini pulaniyo anamulera ndi iwo. Macheka analira masana onse. Nyumbayo inakongoladi, ndipo aluso atalowamo anayamikira kuwala kwa m'chipinda chojambuliramo.

Kenako inabwera mvula. Inkamenya khoma la kunyanja tsiku ndi tsiku, kuyambira pansi mpaka m'chiuno mwa munthu, ndipo pasanathe miyezi iwiri chala chinkalowa m'njerwa. M'kati munali fungo la chinyontho. Mayi wina wachikulire anali atatsamiritsa kukhomako zithunzi khumi ndi ziwiri zimene anazivutikira zaka zitatu, ndipo atazitembenuza anapeza zonse zitachita chuku. Sanakalipe. Anangokhala pansi n'kumazipukuta ndi kansalu, utoto ukuchoka limodzi ndi chukucho. A Levulo anali pakhomo ndipo anaziona zonse.

Bungwe linaitanitsa msonkhano m'chipinda chodyeramo. Mtsikanayo anabwera ndi khanda kumbuyo, atawonda, n'kuzungulira nyumbayo yekha msonkhano usanayambe. A wapampando, wosema wa ndevu zoyera, sanazungulire nkhani. Anati bungwe linalakwitsa kukhulupirira njerwa zamatope, zinthu zokongola papepala pokha. Mtsikanayo atapatsidwa mwayi woyankha, anaimirira n'kunena kuti pulani inali yake, ndipo amene anayenera kuyang'anira ntchito anali iyeyo. Atatero anaimabe kanthawi ndithu asanakhale pansi.

A Levulo anali pomwepo, chipewa pamawondo. Mawu anali pakhosi, okwana kale: ndinadula denga ndine. Koma anaganiza za zaka makumi atatu zija, za amisiri anzawo, za mmene dzina lawo lidzayendere m'kamwa mwa anthu, ndipo anangoyang'ana nsapato zawo. Msonkhano unagwirizana zomuchotsa mtsikanayo, kusasula denga ndi kumanganso khomalo ndi njerwa zowotcha.

Masabata atatu otsatira anali oipa kwa a Levulo. Chakudya sichinkatsika. Akazi awo ankaganiza kuti ndi kuthamanga kwa magazi n'kuyamba kuwachepetsera mchere. Foni ya mtsikanayo ikalowa, ankaiyang'ana mpaka isiye kulira. Kenako anamva kuti sukulu ina imene inkafuna nyumba yamtundu womwewo yabweza mawu, ati mwana uja amamanga nyumba zosungunuka. Apo m'pamene manyazi anawakulira kuposa mantha. Anavala jekete n'kupita kwa a wapampando.

Anafika mochedwa. Denga linali litasasulidwa kale, matabwa ataduladulidwa kuti akhale mashelefu, ndipo kalipentala uja anali atapita kutali kukagwira ntchito ina. Panalibenso choyeza. Komabe anafotokoza zonse, za amisiri oseka, za macheka, za mkono umodzi uja. A wapampando anamvetsera mpaka kumapeto, misozi ikulengeza, kenako anawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Bambo, mwana wanu sananenepo zimenezi. Ifenso ndife makolo, tikudziwa chimene mukuchita. Koma musadzidetsere mbiri chifukwa chofuna kumuphimba. Inu tonse tikukudziwani, simukhotetsa khoma."

A Levulo analumbira, anakweza mawu, koma akamalimbikira m'pamene a wapampando ankawalemekeza kwambiri. Pomaliza anawapempha kuti khoma latsopanolo amange ndi iwo, poti panalibe wina amene bungwe linkamukhulupirira.

Kuchoka apo anapita kwa mwana wawo. Anamupeza pakhonde akuyanika matewera, mapulani ake atapindidwa pakona pamodzi ndi nyuzipepala zakale. Anawalandira bwino, anawapatsa mpando, anawafunsa za amayi kunyumba. Iwo anayamba kufotokoza, koma sanafike patali.

"Ndikudziwa, bambo. Ndinayeza dengalo m'mawa womwe uja, msonkhano usanayambe."

Anamufunsa chifukwa chake sananene.

"Ndikanayamba bwanji, pamaso pa anthu, za munthu amene anandilera?" Anakamula thewera lina n'kulikung'untha. "Nditamaliza kulankhula ndinaima dala, sindinakhale pansi msanga. Ndinkadikira inu."