Yaris Yanga pa Tebulo la Aneba

M'flat ya pansi pathu, kuno kunja ku Belgrave, mumakhala bambo ena achikulire amene kale ankayendetsa malole kwathu ku Kanengo. Masiku ano amapanga timagalimoto tapulasitiki tokwana m'chikhatho. Amagula tizidutswa ta m'bokosi n'kumamata ndi guluu, magalasi ali pamphuno, lilime lili panja. Ukawapatsa moni amayankha osadzutsa mutu: "Tadzuka, injini ikulirabe."

Chotiopsa n'chakuti satsatira chithunzi cha pabokosi. Amakopera magalimoto a anthu a kutchalitchi kwathu, mpaka nambala yomwe. Atapanga veni ya a Mapopa, sabata yomweyo veni yeniyeniyo inagunda khoma ku Corby. Azimayi tinangoyang'anana. Zoterezi kwathu timazidziwa.

Loweruka lapitali anandiimitsa pamasitepe. "Mayi a Hazel, talowani muone."

Patebulo panali galimoto yanga ya Yaris yofiira, ndi popindika pake pachitseko, mpaka kakolona kolendewera pagalasi.

"Mwaipangiranji, bambo?"

"Mumandinyamula popita kuchipatala. Ine ndingakupatseni chiyani? Tengani, koma isagwe."

Munthu wamkulu sindikanamukanira. Kuiponya m'bini ndinaopa: nanga lole ya zinyalala ikamakaiphwanya ine ndili pamsewu wa M1? Ndaikulunga m'chitenje, ili pansi pa bedi pomwe singagwe, ndipo kuntchito ndikuyendera basi.

Dzulo ndawapeza pasiteji, akujambula basi yathuyo ndi foni, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.